Khofi Amene Ababa Sanamwe

Kwa inu amene mwatipeza tili kale panjira: ine ndine Brikena, kwathu ndi ku Korça, ndipo ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, msinkhu umene azakhali anga amautchula monong'ona ngati dzina la matenda. Kwa zaka khumi ndagwira ntchito muno mu Tirana, kubungwe la mayiko loona za chitukuko. Ntchito yanga ndi kulemba malipoti ofunsa funso limodzi lomwelo chaka ndi chaka: bwanji mayi amene amalima munda dzina lake silipezeka pachikalata cha mundawo?

Mu ofesi yomweyo muli Ermal wa ku Shkodra, mwamuna wamtali, woyankhula mofatsa, amene ndakhala naye pachibwenzi mobisa kwa zaka ziwiri. Tinkabisa chifukwa bungwe lathu lili ndi lamulo louma: mwamuna ndi mkazi wake saloledwa kugwira ntchito wina ali pamwamba pa mnzake. Mpando wa mkulu wa ofesi utakhala wopanda munthu, tinagwirana chanza ngati amalonda. Tonse tipikisane, wopambana akhale, wogonja akafune ntchito kwina, kenako tikwatirane. Pasakhale kumverana chisoni. Mawu omalizawa ndinawanena ndine, kawiri.

Ndinapambana ndine. Ndiye kunangotsala kuti Lamlungu makolo ake abwere kwathu, abambo awiriwo amwe khofi wa chitomero, nkhani ithe.

*

Lachiwiri masana Ermal anandipeza pamalo athu omwera khofi, kuseri kwa msika watsopano, kumene anthu a ku ofesi safika.

"Bwana, mundilola ndikhale pansi?"

"Ukanditchulanso bwana ndikuchotsa ntchito lero lomwe."

"Mwachedwa, bwana. Ndadzichotsa kale." Anaika envelopu patebulo. Inali kalata yake yosiya ntchito, yosainidwa, yongodikira kuperekedwa Lolemba.

Kunena zoona mtima unandiwawa. Munthu uyu ntchitoyo ankaikonda ngati mmene ndimaikondera ine.

"Sukudandaula?" ndinamufunsa.

"Pangano ndi pangano. Wandigwetsa, ndagwa. Ndikaphunzitsa ana a eni kuyunivesite, madzulo ndizikuphikira."

"Iwe kuphika? Dzira lomwe limakupserera lili m'madzi."

Foni yake inalira. Anali amayi ake, a Drita, ndipo a Drita akamayankhula pafoni tebulo loyandikana nalo limamvanso.

"Ermal, mtsikanayo ali pomwepo? Umufunse ngati amatha kunyamula thireyi ya khofi osatayira. Atsikana a m'maofesi awa manja awo anazolowera timabatani."

"Akukumvanitu, amayi."

"Amve, cholinga chake n'chomwecho. Waswera bwanji, mwana wanga?"

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu?"

"Ife miyendo yokhayi. Lamlungu usathire shuga wambiri, apongozi ako dokotala anawaletsa."

Atadula foni ndinamuyang'ana Ermal. "Sunawauzebe kuti wakugwetsa ndi ndani?"

"Ndawauza kuti ndikusintha ntchito. Zinazo azimva pang'onopang'ono, ngati mankhwala."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndikakumbukira kuseka kumeneko lero ndimadziona chitsiru.

*

Lachitatu m'mawa kunalowa uthenga wochokera kwa Rovena. Rovena anali chibwenzi cha Ermal ali kuyunivesite, ndipo masiku ano amagwira kulikulu lathu ku Vienna, ku ofesi yolemba anthu ntchito. Ndi mkazi wokongola, sindingamunamizire, ndipo amadziwa kuti ndi wokongola.

"Mafuno abwino, bwana watsopano! Ndili mu Tirana mpaka Lachisanu. Tiye tikamwe kenakake, ndili ndi kamphatso kako."

Munthu wanzeru akanayankha kuti watanganidwa. Ine ndinapita, nditavala nsapato zanga zatsopano zomwe zinkandiluma.

Anandipsompsona masaya onse awiri, n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Waonda, mnzanga. Udindo wayamba kale kukudya?"

"Mphatso ija ili kuti, Rovena?"

"Ha, sunasinthe. Chabwino." Anatsegula foni yake n'kuikankhira kwa ine. "Ndimaganiza kuti unaiona kale, koma nkhope yakoyi ikundiuza zina."

Inali kalata yolembera akuluakulu a kulikulu, ya tsiku limene kunatsala usiku umodzi kuti tikalowe intavyu yomaliza. Ndinaiwerenga kamodzi kokha ndipo mpaka pano ndimaikumbukira liwu ndi liwu.

"Ndikuchotsa dzina langa pampikisanowu. Takhala tikulemba kwa zaka zambiri kuti akazi atsogolere. Nthawi yakwana yoti mmodzi wa ife amuna adzuke pampando."

Pansi pake panali dzina la Ermal.

"Sanalowe intavyu?" Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina. Tsiku limenelo Ermal anandiuza kuti alowa masana, ndipo madzulo anandifotokozera ngakhale mafunso amene anamuvuta.

"Unalowa wekha, mnzanga. Mpikisano wa munthu mmodzi." Rovena anatakasa shuga mosapupuluma. "Kulikulu kalata iyi aikonda zedi. Abwana athu ena mpaka anapukuta m'maso. Aiika pachikuto cha lipoti la chaka chino, ndipo mu Okutobala adzaiwerenga pamsonkhano waukulu wa jenda. Iwenso adzakuitana, udzaime pambali pake."

"Ndikatani pambali pake?"

"Kuti anthu aone mkazi amene anamusiyira mpandoyo. Uvale zofiira, zimakukhala."

Ndinagwira tebulo. "Akanalowa, akanapambana ndani?"

"Palibe akudziwa, ndipo palibe adzadziwe." Anamwetulira. "Ermal ndi choncho. Inenso ankandisiyira chilichonse, mpaka tsiku lina anangondisiya."

Ndinatuluka osatsanzika. Nsapato zija ndinazivula pakona ya msewu n'kuyenda ndi masokosi mpaka pokwerera basi, anthu akundiyang'ana.

*

Mumvetse chimene chinandipweteka. Kuyambira tsiku limene ndinalowa ntchito imeneyi ndakhala ndikumva mawu amodzi omwewo kumbuyo kwanga. Akanditumiza kumsonkhano, amati pamafunika mkazi kuti chithunzi chikongole. Akandikweza, amati likulu likufuna kukwanitsa chiwerengero cha akazi. Mpando uwu unali chinthu choyamba chimene ndinkati palibe angachitsutse, chifukwa ndinagwetsa mwamuna amene aliyense ankati ndi katswiri. Tsopano ndinali nditamva kuti sindinagwetse munthu, anachita kugona yekha pansi.

Lachinayi ndinamuitana Ermal kupaki. Atangoona nkhope yanga anadziwa.

"Rovena," anatero.

"Usanditchulire Rovena. Rovena sanagwirane nane chanza. Unandinamiza, Ermal. Unapeka mafunso a intavyu imene sunalowe, ine n'kumakutonthoza ngati chitsiru!"

"Ndimvere kaye."

"Ndikumva. Yankhula, ngwazi ya amayi."

Anakhala pabenchi, manja ali pakati pa mawondo. "Ndinkaopa kuti ndipambana."

Ndinaseka, kuseka kowawa. "Taona! Ndiye ndi zimenezo."

"Ayi, osati chifukwa ndimakuposa. Sindikuposa, ndipo umadziwa. Koma ofunsawo anali anayi, atatu amuna, awiri mwa iwo ndimaonera nawo mpira. Mmodzi anandigwira paphewa sabata yathayo n'kunena kuti ndisadandaule. Akanandipatsa ine, Brikena, ngakhale iwe ukanayankha ngati mngelo. Ndikanalowa bwanji m'banja ndi mpando wokubera?"

"Ndiye ukanandiuza! Tikanakasuma limodzi, ofunsawo akanasinthidwa. Kapena ukanawasiya andibere, ndikanadziwa woti ndilimbane naye. Pano ndilimbane ndi ndani? Ndi mwamuna amene dziko lonse likumuombera m'manja?"

"Sindinkadziwa kuti kalatayo aifalitsa."

"Koma unailemba mokoma, eti? 'Mmodzi wa ife amuna adzuke pampando.' Wina akanangolemba kuti wadwala."

Makutu ake anafiira.

"Zaka zonsezi umaphunzitsa nduna za boma kuti zisamaganizire akazi popanda kuwafunsa," ndinatero. "Uli ndi zithunzi zake, uli ndi ziwerengero zake. Wa m'nyumba mwako yekha ndiye sunamufunse."

"Lamlungu tibwere?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindikudziwa."

Ndinamusiya pabenchipo. Ndinkamukonda nthawi imeneyo ngati kale, ndipo chimenecho n'chimene chinkandikwiyitsa kwambiri.

*

Lachisanu lonse mauthenga ake ankangolowa.

"Ndalakwa. Palibe chodzikanira."

"Ndalembera likulu kuti achotse kalatayo pachikuto. Sindidzapita kumsonkhanowo."

"Amayi agula kale mpango wa amayi ako. Ndiwauze kuti chiyani?"

Ndinayankha womalizawo wokha. "Uwauze kuti amayi anga sakonda zobiriwira."

Anatumiza kankhope kolira ndi koseka limodzi. Sindinamuyankhenso.

*

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Korça. Ndinapeza amayi, a Violeta, ali kukhitchini akukanda mtanda wa lakrori, chitumbuwa cha kwathu, chokalandirira alendo, ufa mpaka m'zigongono. Ababa, a Ilia, anali atapita kukameta. Ndinawafotokozera amayi zonse ndikudula anyezi, kuti misozi ikhale ndi pobisalira.

Amayi anamvetsera osasiya kukanda. Kenako analoza ndi chibwano bokosi la maapozi limene linali kuseri kwa chitseko.

"Ukuwaona awo?"

"A malume Sotir?"

"A malume ako, eti." Anamenya mtanda patebulo. "Agogo ako atamwalira, munda wa maapozi uja unali wa ana atatu. Anandiperekeza kwa wolemba zikalata nditavala zakuda, ndinasaina kuti gawo langa ndasiyira achimwene anga, monga amachitira mkazi wolemekezeka. Kuyambira chaka chimenecho amanditumizira bokosi limodzi. Ndipo chaka chilichonse ndimaimba foni kuthokoza. Zaka makumi atatu, Brikena, ndikuthokoza maapozi anga omwe."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Ndalemba za minda ya akazi a m'mayiko asanu ndi limodzi, koma za bokosi la kuseri kwa chitseko chathu sindinafunsepo.

"Ndiye mukuti ndimusiye?"

"Ndanena zimenezo ine? Ndikungoti ululu wakowo ndikuudziwa." Anapukuta manja. "Achimwene anga anatenga changa n'kundipatsako pang'ono. Wakoyu wataya chake. N'chitsiru, koma chitsiru cha mtundu wina. Funso ndi lakuti kodi amaphunzira?"

"Akuti kalatayo aichotsa."

"Abwere ndiye. Ukamanyamula thireyi uzimuyang'ana m'maso, osati m'makapu. Ndipo anyeziwo wadula okwanira ukwati wonse, siya."

Ndinamulembera Ermal mawu awiri. "Mubwere mawa."

*

Anafika nthawi ya leveni m'mawa, atanyamula maluwa, maswiti ndi mpango wofiirira. Bambo ake a Ermal, a Petrit, ndi msilikali wopuma, munthu wa mawu aakulu amene amayankhula ngati aliyense waima kutsidya la mtsinje. Anakhala pampando wautali moyang'anizana ndi ababa. A Drita anakhala pambali pawo, maso ali pamakatani athu. Azakhali anga awiri anadzaza kona yawo. Ermal anakhala cha kukhomo, tayi itamuthina, ndipo sankandiyang'ana. Ndinkaganiza kuti ndi manyazi a Lachinayi lija.

A Petrit ananena mawu opempha, ababa anayankha monga mwa mwambo, ndipo amayi anandikodola. Ndinalowa ndi thireyi. Sindinatayire ngakhale dontho, ndipo ndinaona a Drita akugwedeza mutu ngati munthu amene wagula mbuzi yabwino.

A Petrit sadikira chinthu kuti chizizire. Anakweza kapu, "Akhale ndi moyo wautali ana athu!" n'kugugudiza kamodzi. Ababa ndi munthu wochedwa pa chilichonse. Anali akadauzira khofi wawo, kapu ili pafupi ndi milomo, pamene a Petrit anamenya bondo lawo.

"Popeza tsopano ndife banja limodzi, a Ilia, ndikuuzeni mwana wanu wagwera m'manja mwa ndani. Mnyamata uyu amabisa zabwino ngati wakuba. Lachisanu walandira kalata. Akumuitana ku Vienna!"

"Ababa, chonde," anatero Ermal.

"Khala chete, ukhala chete mpaka liti? Akuti analemba kalata ina yake imene yagwedeza mabwana onse kumeneko. Ndiye amupatsa mpando waukulu, woyang'anira nkhani zonse za amayi m'mayiko asanu ndi limodzi. Mwana wanga, mkulu wa amayi! Ine ndinkalamula asilikali makumi anayi okha."

Azakhali anaomba m'manja. Thireyi inayamba kulemera m'manja mwanga.

"Ifenso sitikanadziwa," anawonjezera a Drita, "koma Rovena anandiimbira dzulo kundifunira mafuno abwino. Mwana waulemu uja, saiwala anthu."

Mpando umenewo ndimaudziwa bwino. Ndi umene malipoti anga onse amapitako. Mkulu wa ofesi ya Tirana amayankha kwa munthu wokhala pamenepo. Ermal akaulandira ndiye kuti akhala pamwamba panga, ndipo lamulo lija, limene Lachiwiri linkachotsa iye, tsopano lichotsa ine.

"Ndiye mpongozi wathu apumuleko," anapitiriza a Drita mokoma. "Wagwira ntchito mokwanira. Ku Vienna akuti kuli mapaki abwino oyendetsamo ana. Ermal ndi mzime, ifenso kachipinda kathu kadzapezeka."

Ndinaika thireyi patebulo pang'onopang'ono, kuti ndisaiponye.

"Unadziwa Lachisanu," ndinatero. Kwathu mtsikana sayankhula pa nthawi imeneyi, ndipo ndinamva azakhali akukoka mpweya. "Unkandilembera za mpango kalatayo ili m'thumba."

Ermal anaimirira. "Sindinaivomere, Brikena. Ndinalembera likulu kuti achotse kalata ija, iwo n'kuyankha ndi izi. Akuti kudzichepetsa kwanga kwawatsimikizira kuti sanalakwe munthu. Ndinkafuna ndikane mwakachetechete, usadziwe n'komwe."

"Ndisadziwe n'komwe. Kachiwiri."



"Ukane chiyani?" anabangula a Petrit. "Wapenga?"

"Ndikana, ababa. Ndikana pamaso pa onse. Brikena, ndikana."

"Ukakana ndiye kuti wandipatsanso," ndinatero. "Ndidzakhala pampando uja ndikudziwa kuti wandisiyira kawiri, ndipo bambo ako adzandiyang'ana moyo wonse ngati amene ndinadya tsogolo la mwana wawo. Ukalola ndiye kuti wandilanda. Ine ndalemba za akazi zaka khumi, andipatsa ofesi imodzi. Iwe walemba mizere itatu, akupatsa mayiko asanu ndi limodzi."

Ababa anali adakagwira kapu yawo m'mwamba. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana amayi, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini, pafupi ndi bokosi lija. Kenako anatsitsa kapu n'kuiika pambale yake, yodzaza monga ndinaibweretsera.

A Petrit anaiona. Nkhope yawo inada. "A Ilia, ife tamwa."

"Ndaona, a Petrit."

"Kwathu munthu akamwa ndiye kuti watenga mpongozi. Ndikauza chiyani anthu ku Shkodra?"

"Mukawauze kuti inu mwamwa," anatero ababa mofatsa. "Ine sindinamwe."

"Uzizira khofiyo," anatero a Drita, mawu atauma.

"Azizire, mayi. Mwana wanga akadzaphika wina ndidzamwa."

A Petrit anatenga chipewa chawo. Pakhomo anatembenuka n'kuloza mwana wawo. "Kalatayo ikufuna yankho pofika Lachitatu. Ukakana chifukwa cha mkazi amene bambo ake andichititsa manyazi chotere, pakhomo panga usadzapondepo."

Anatuluka, a Drita ali pambuyo, mpango uja atausiya pampando.

*

Ermal sanawatsatire nthawi yomweyo. Anaima pakhonde pathu, pakati pa miphika ya maluwa ya amayi, galimoto ya bambo ake ikuliza hutala kumsewu. Ndinatuluka chifukwa miyendo inanditengera yokha.

Anali atavula tayi, akuipotokola m'manja. Maso ake anali ofiira.

"Brikena," anatero, "ndichite chiyani?"

Zaka ziwiri ndili naye, aka kanali koyamba kundifunsa asanachite. Ndi funso limene ndinkalilirira kupaki kuja, limene ndalilembera malipoti zaka khumi. Linafika, ndipo ine ndinalibe yankho.

Hutala inaliranso. Anadikira pang'ono, kenako anatsika masitepe.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza azakhali akuchotsa makapu. Mmodzi anatambasula dzanja kuti atenge ya ababa, koma amayi anamugwira pamkono. Anatenga kambale n'kuvundikira kapuyo pomwepo patebulo.

"Imeneyo isiyeni," anatero amayi. "Ikhala pamenepo mpaka Lachitatu."